Boti lotakata pa ngalande zosafika patali ku England: kuyerekeza njira zolisungira

Pa ngalande za ku England ndi Wales, zimene zambiri mwa izo zakhala m'manja mwa bungwe la Canal & River Trust kuchokera mu 2012, pamayenda maboti a mitundu iwiri ikuluikulu. Lodziwika kwambiri ndi boti lopapatiza, limene eni ake amalitcha narrowboat, la mamita 2.08 m'lifupi, ndipo linalo ndi lotakata, widebeam, limene kawirikawiri limakhala la mamita 3 mpaka 3.7 m'lifupi. Maboti otakatawa achuluka m'zaka zapitazi chifukwa anthu ambiri, makamaka a ku London ndi a m'dera la Bath ndi Bristol kumene lendi ya nyumba ndi yoboola m'thumba, amawagula kuti azikhalamo, popeza m'kati mwake mumakwana bedi lalikulu, mipando ya pabalaza, khitchini ndi bafa ngati m'nyumba yaing'ono. Chimene ogula ambiri amachizindikira mochedwa ndi chakuti malo amene botilo lingafikeko anaikidwa kale ndi amisiri amene anakumba ngalandezi zaka zoposa 200 zapitazo, ndipo malire amenewo ndiwo amalamula mmene lingasungidwire.

Malire ake ali pa ma lock, zipinda za njerwa kapena miyala zokhala ndi zitseko mbali zonse ziwiri, zimene zimakweza kapena kutsitsa boti pamene ngalande ikukwera kapena kutsika mtunda. James Brindley, amene anakonza mapulani a ngalande ya Trent and Mersey m'zaka za m'ma 1760, anasankha ma lock a mamita 2.13 okha m'lifupi ndi pafupifupi mamita 22 m'litali pofuna kuchepetsa ndalama zomangira ndi madzi otayika, ndipo ngalande zambiri za m'chigawo chapakati, kuzungulira mzinda wa Birmingham, zinatsatira muyeso womwewo. Kumwera ndi kumpoto kuli ma lock otakata, a pafupifupi mamita 4.3, koma zigawo ziwirizi sizikumana pa madzi otakata. Boti lochokera ku London likhoza kukwera ngalande ya Grand Union mpaka kumalire a Birmingham, chifukwa ma lock a mbali imeneyo anakulitsidwa m'zaka za m'ma 1930, koma likapatukira ku nthambi yopita ku Leicester limaima pa ma lock 7 opapatiza a ku Watford m'boma la Northamptonshire, ndipo lochokera kumpoto limaima pansi pa ma lock 10 a ku Foxton. Ku Foxton kunamangidwa makina okweza maboti otakata mu 1900, koma anasiya kugwira ntchito mu 1911 ndipo pambuyo pake anaphwasulidwa. Nthambi ya Northampton, yolumikiza Grand Union ndi mtsinje wa Nene, ili ndi ma lock 17 opapatiza, ndipo ngalande ya Oxford nayonso ndi yopapatiza.

Motero madzi otakata ali m'zigawo zosalumikizana. Chakumwera kuli Grand Union, mtsinje wa Thames, mitsinje ya Lee, Stort ndi Wey, komanso ngalande ya Kennet and Avon ya makilomita 140 kuchokera ku Reading kukafika ku Bristol. Chakumpoto kuli Leeds and Liverpool, Rochdale, Aire and Calder, Bridgewater ndi mtsinje wa Trent. Palinso kachigawo ka mtsinje wa Severn ndi ngalande ya Gloucester and Sharpness, ndi madzi ena odzipatula kotheratu monga ngalande ya Bridgwater and Taunton ku Somerset, imene ndi ya makilomita pafupifupi 23 basi. Boti lotakata limene laikidwa pa madzi otere lili ngati ng'ombe imene yakulira m'khola la khomo la mbuzi, ndipo njira zimene mwini wake angasankhe si zofanana pa mtengo, pa mtendere wa mumtima kapena pa ufulu woyenda.

Malo okhazikika mu marina

Njira yoyamba ndi kulipira malo okocheza okhazikika mu marina, doko losungirako maboti, kumene kuli magetsi, mpopi wa madzi, makina opopera chimbudzi, malo oimika galimoto ndi geti lokiya. Pa madzi afupiafupi njira imeneyi ndiyo imachotsa mavuto ambiri nthawi imodzi, chifukwa boti lokhala ndi malo ake silifunsidwa kuti layenda mtunda wotani pa chaka. Likhoza kutuluka Loweruka, kukatembenukira pamene ngalande yathera n'kubwerera Lamlungu, kapenanso kukhala osasuntha nyengo yonse yozizira popanda wina wolemba nambala yake m'kaundula.

Pano pali kusiyana kumene munthu ayenera kukufunsa asanasaine chilichonse. Malo ambiri mu ma marina ndi osungirako boti la tchuthi, ndipo malo amene munthu amaloledwa kukhalapo monga kwawo ndi ochepa, chifukwa amafuna chilolezo cha khonsolo ya deralo. Wokhala pa malo ovomerezeka otere amakhala ndi adiresi yeniyeni ndipo amalipira msonkho wa khonsolo, nthawi zambiri pa mlingo wotsikitsitsa. Adiresi si nkhani yaing'ono, makamaka kwa munthu wochokera kunja, monga Mmalawi kapena Mzambia amene akugwira ntchito ku Britain, yemwe amayenera kuionetsa ku banki, kwa olemba ntchito ndi ku ofesi yoona za anthu olowa m'dziko. Alipo ambiri amene amakhala mwakachetechete pa malo a tchuthi, eni marina akuyang'ana kumbali, koma mtendere wotere umatha tsiku limene marina yagulidwa ndi kampani ina kapena woyandikana naye wakadandaula ku khonsolo, ndipo pangano la malo okocheza siliteteza munthu monga mmene pangano la lendi ya nyumba limachitira.

Mtengo ndiwo umapweteka. Ma marina amawerengera ndalama potengera kutalika kwa boti, ndipo ambiri amawonjezerapo pa boti lotakata chifukwa limadya malo amene akanakwana maboti awiri opapatiza. Ku London malo ovomerezeka okhalapo amatha kufika pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi lendi ya nyumba, pamene ku Yorkshire kapena ku Lancashire ndi otsikirapo kwambiri. Chinanso choyenera kuyang'ana ndi chakuti marina ikhoza kukhala ndi malo a boti lotakata pamene ngalande imene ili kunja kwa chipata chake siyingalilole kupita kulikonse. Ku Crick, kumene kumachitika chionetsero chachikulu cha maboti mwezi wa Meyi, maboti otakata amabwera pa lole ndi kubwereranso pa lole, chifukwa maloyo ali pakati pa Watford ndi Foxton. Munthu amene wakopeka ndi boti limene waliona likuyandama kumeneko ayenera kudzifunsa kuti lidzakayandama kuti akaligula.

Malo a m'mbali mwa ngalande

Pakati pa marina ndi moyo woyendayenda pali malo okocheza a m'mbali mwa ngalande momwemo. Ena amagulitsidwa ndi Canal & River Trust, ena ndi a alimi amene minda yawo yafika pa madzi, ena ndi a makalabu a eni maboti. Mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi marina, ndipo pa lamulo amawerengedwa ngati malo okhazikika, choncho nkhani ya mtunda woyenda siibuka. Koma kawirikawiri kulibe magetsi kapena mpopi, kotero kuti boti limayenera kusuntha pakapita masiku angapo kukatunga madzi ndi kukakhuthula chimbudzi. Apa m'pamene kukula kwa boti kumaonekera, chifukwa kuti libwerere pamalo pake liyenera kupeza potembenukira, ndipo malo otembenukira akhoza kukhala pa mtunda wa maola angapo, kuseri kwa ma lock. Ndi bwino kuyenda pansi m'mbali mwa ngalandeyo, kuona pamene pali mpopi ndi pamene pali potembenukira mbali zonse ziwiri, musanavomere malo oterewa. Komanso pa ngalande zimene ndi zosaya m'mphepete, boti lotakata silifika pagombe bwinobwino, limatsalira chapakati n'kuchepetsa njira ya ena, ndipo mikangano yambiri ya pakati pa eni maboti otakata ndi opapatiza imayambira pamenepa.

Kuyendayenda popanda malo okhazikika

Njira imene imakopa anthu ambiri, ndiponso imene imafuna kuiganizira mofatsa kwambiri, ndi yotenga layisensi ya boti lopanda malo okhazikika. Lamulo la British Waterways Act la mu 1995 limalola zimenezi ngati boti likugwiritsidwadi ntchito poyenda ndipo silikhala malo amodzi kupitirira masiku 14, pokhapokha patakhala chifukwa chomveka monga kudwala kapena kuwonongeka kwa injini. Lamulolo silitchula mtunda, koma Canal & River Trust inanena kuti imayembekezera kuona boti litayenda m'dera lotalika pafupifupi makilomita 32 kapena kuposerapo pa nthawi ya layisensi yake, ndipo ulendowo ukhale wopita patsogolo, osati kumangosinthana malo awiri kapena atatu oyandikana. Ogwira ntchito a bungweli amayenda m'mbali mwa ngalande akulemba pamene aona boti lililonse. Amene sanayende mokwanira amapatsidwa layisensi ya miyezi isanu ndi umodzi yokha kuti asinthe, ndipo akapitiriza akhoza kukanizidwa layisensi, kenako boti lawo n'kuchotsedwa pa madzi.

Kwa mwini boti lopapatiza makilomita 32 si kanthu, popeza pafupifupi ngalande zonse ndi zotseguka kwa iye. Kwa mwini boti lotakata zimadalira kumene ali. Pa Grand Union, pa Kennet and Avon kapena pa Leeds and Liverpool, imene ndi ya makilomita oposa 200, mtundawo ulipo wokwanira, ngakhale kuti suyendeka mophweka monga umaonekera pa mapu. Mphanga zoboola mapiri za Blisworth ndi Braunston zimalola maboti awiri opapatiza kudutsana mkati, koma boti lotakata liyenera kupempha nthawi pasadakhale kuti ena aimitsidwe. Ku Devizes kuli ma lock 29 a Caen Hill, ndipo ku Wigan kuli 21, amene boti lotakata limakwera lokha, pamene maboti awiri opapatiza amalowa limodzi n'kugawana ntchito yotsegula zitseko. Pa ngalande ya Bridgwater and Taunton masamu ake sakwana n'komwe, chifukwa ngalande yonseyo ndi yaifupi kuposa mtunda umene bungwe limayembekezera, ndipo sindingalangize munthu kuika nyumba yake pa chiyembekezo chakuti adzamumvetsa.

Madzi afupiafupi amafupikanso kwambiri pa nyengo zina. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ma lock ambiri amatsekedwa kuti akonzedwe, ndipo m'chilimwe madzi akachepa m'madamu odyetsa ngalande, zigawo zina zimatsekedwa, monga zinachitikira pa Leeds and Liverpool mu 2022. Boti lopapatiza likhoza kuzungulira njira ina, koma lotakata nthawi zambiri lili ndi njira imodzi yokha, ndipo lock imodzi ikatsekedwa dera lake limatha kudulidwa pakati. Bungwe limaganizira kutsekedwa kotere likamaona mmene boti layendera, koma mpopi, malo ogulira dizilo ndi malasha, sukulu ya ana kapena siteshoni ya sitima yopitira kuntchito zikhoza kutsalira tsidya linalo. Malo okocheza a nyengo yozizira okha, amene amagulitsidwa mwezi ndi mwezi, amathandizako, koma amatha msanga ndipo si onse amene amalandira boti lotakata.

Phindu la ndalama limene njira imeneyi inali nalo likucheperachepera. Kuyambira mu 2020 Canal & River Trust inayamba kuwonjezera mtengo wa layisensi pa maboti oposa mamita 2.16 m'lifupi, ndi kuwonjezeranso kwambiri pa oposa mamita 3.24. Kuchokera mu Epulo 2024 zowonjezerazi zikukwera chaka ndi chaka, kuti pofika mu 2028 zifike pa 25 peresenti kwa gulu loyambalo ndi 50 peresenti kwa lachiwirilo, ndipo maboti opanda malo okhazikika anaikidwanso chowonjezera chawo chimene chidzafike pa 25 peresenti. Mwini boti la mamita 3.66 loyendayenda amakhudzidwa ndi zonse ziwiri. Bungwe la National Bargee Travellers Association, loimira anthu okhala m'maboti oyendayenda, linatsutsa kwambiri zimenezi. Ngakhale zili choncho, layisensi yotere imatsikabe mtengo poyerekeza ndi malo a mu marina ku London, n'chifukwa chake ngalande ya Regent's ndi mtsinje wa Lee zadzaza maboti okocheza awiriawiri, ndipo wofika ndi boti lotakata madzulo amavutika kupeza mpata.

Mitsinje ya mabungwe ena

Ena amathawira ku mitsinje imene siili pansi pa Canal & River Trust. Thames kumtunda kwa Teddington, Medway, Nene ndi Great Ouse zili m'manja mwa Environment Agency, pamene Wey imayang'aniridwa ndi National Trust. Pa Thames boti lotakata limayenda momasuka chifukwa madzi ndi akuya ndipo ma lock ndi aakulu, koma ndalama yolembetsera imawerengedwa pochulukitsa m'litali ndi m'lifupi, ndiye kutakata kumalipiridwabe. Magombe ambiri ali ndi eni ake, ndipo malo a aliyense amalola kukocheza kwa maola 24 kapena masiku ochepa, kotero kuti kukhala pa Thames popanda malo akoako ndi kovuta kuposa pa ngalande. Mtsinje umasefukiranso m'nyengo yamvula, ndipo zikwangwani zofiira zochenjeza za madzi amphamvu zikaikidwa pa ma lock boti limatha kukhala masabata osasuntha, mwini wake akudzuka usiku kukamasula zingwe pamene madzi akukwera. Ku Oxford mlatho wa Osney ndi wotsika, wa mamita pafupifupi 2.3, ndipo umatsekereza maboti a denga lalitali. Kwa amene akufuna kugwiritsa ntchito Thames pamodzi ndi Kennet and Avon ndi Grand Union pali Gold Licence, layisensi imodzi ya madzi a Canal & River Trust ndi a Environment Agency imene imayenda kuchokera Januwale mpaka Disembala, ndipo ndiyo imapatsa boti lotakata dera lalikulu koposa limene lingapeze kumwera.

Kusamutsa boti

Boti lotsekeredwa likhoza kunyamulidwa ndi kireni, kuikidwa pa lole, ndi kukatsitsidwa m'chigawo china. Boti lachitsulo la mamita 18 m'litali ndi 3.66 m'lifupi limalemera matani pafupifupi 30, ndipo katundu woposa mamita 2.9 m'lifupi pa msewu wa ku Britain amafuna kuti apolisi adziwitsidwe pasadakhale, pamene wotakata kwambiri amafunanso operekeza. Pamakhala kireni mbali zonse ziwiri, ndipo si doko lililonse limene lili ndi msewu woti lole yotere n'kulowa. Iyi ndi njira ya munthu amene akusamuka chifukwa cha ntchito kapena amene akugulitsa boti, ndipo siyingakhale ya chaka ndi chaka. Yotsika mtengo koma yoopsa ndi yodutsa pa madzi a m'nyanja, monga kuchokera ku Sharpness kupita ku Bristol kudzera pa mathiriro a Severn, kumene madzi amakwera ndi kutsika kwambiri kuposa malo ambiri pa dziko lapansi, kapena kuoloka chigawo cha nyanja chotchedwa The Wash kuchokera ku tauni ya Boston. Maboti a pa ngalande ali ndi pansi pafulati ndipo sanapangidwire mafunde, choncho ulendo wotere umafuna katswiri wolondolera, tsiku la bata ndi chilolezo cha kampani ya inshuwalansi.

Nkhani ya kireni imabweranso ngakhale kwa amene sakusamuka. Boti lachitsulo limayenera kutulutsidwa m'madzi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu kuti lipakidwe phula loteteza dzimbiri, ndipo madoko ambiri okonzerako maboti anamangidwa pa muyeso wa boti lopapatiza. Ngati m'dera limene boti lanu lingafike mulibe doko lotakata, ntchito wamba imeneyi imasanduka ya kireni nthawi iliyonse. Chiphaso cha Boat Safety Scheme, chotsimikizira kuti boti ndi lotetezeka, chimene chimafunika zaka zinayi zilizonse, sichivuta chifukwa woyeza amabwera pamene boti lili.

Kusankha muyeso musanagule

Kwa amene sanagule, njira yabwino kuposa zonsezi ndi kusankha madzi poyamba, kupeza malo okocheza, kenako n'kugula boti logwirizana nawo. Kumpoto kutalika kumatsekereza mofanana ndi kutakata, chifukwa ma lock a Leeds and Liverpool pakati pa Leeds ndi Wigan amalandira boti la pafupifupi mamita 18.9, ndipo a Calder and Hebble ndi Huddersfield Broad ndi a mamita 17.5 okha. Boti lopapatiza lotalikirapo pang'ono limatha kulowa mopingasa m'ma lock amenewa, koma lotakata silingathe. Ngalande ya Lancaster, imene ili ndi makilomita oposa 60 opanda lock pakati pa Preston ndi Tewitfield, ndi yabwino kwa boti lotakata, koma njira ya Ribble Link yoilumikiza ndi ngalande zina, imene inatsegulidwa mu 2002, imalola boti la mamita 3.2 okha m'lifupi. Choncho boti la mamita 17.4 m'litali ndi 3.05 m'lifupi limafika malo ambiri, limalipira chowonjezera chocheperako pa layisensi, ndipo limadutsa pansi pa milatho yozungulira popanda kukhula ngodya za denga, kusiyana ndi la mamita 21 ndi 3.66 limene limaoneka bwino pa chionetsero.

Maganizo anga ndi akuti pa madzi odzipatula kapena afupiafupi, malo okhazikika ndiwo okha oyenera kudalira, ndipo ngati munthu akukhalamo akhale ovomerezeka ndi khonsolo ngakhale atadikira miyezi yambiri pa mndandanda. Kuyendayenda n'kotheka pa ngalande zazitali za kumwera ndi kumpoto kwa munthu amene ntchito yake siimumangirira pa tauni imodzi ndipo amakondadi kuyendetsa boti. Amene cholinga chake ndi kuona dziko, kudutsa Birmingham, kukwera ku Llangollen kapena kutsika ngalande ya Oxford, ayenera kuvomera kuchepa kwa malo m'kati ndi kugula boti lopapatiza. Pogula boti lotakata limene lili kale pa madzi, nkofunika kufunsa mwini marina mwachindunji ngati malo ake adzapita kwa wogula, chifukwa m'ma marina ambiri pangano la malo limatha tsiku limene boti lasintha mwini, ndipo ena amatenga gawo la ndalama za malondawo kuti alole wogula kukhalabe pamenepo.